Ndidzaleka: za Andor, Focus Gwede ndi ndende ya kuseri kwathu

Ndichenjezeretu. Ngati simunamalize kuonera Andor ndipo simufuna wina akuuzireni mathero ake, tsekani tsamba lino, mudzabwere mukamaliza. Otsalanu tiyeni.

Ine ndinamaliza sizoni yachiwiri mwezi wa June, usiku, nditafunda bulangete mpaka kumutu, foni ili pachifuwa. Amene mudagonapo ku Dowa nyengo yozizira mukuidziwa mphepo yake, imalowera ngakhale pa kabowo ka kiyi. Zigawo zonse 24 ndinazipeza kwa mnyamata wina woika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni pamsika wa Dzaleka, Lachiwiri, tsiku lija anzathu a ku Congo amati Mardi Marché. Bandulo yoonera zonsezo pa intaneti ndikadaitenga kuti ine?

Kwa amene simuidziwa, Andor ndi nthano ya m'dziko la Star Wars, koma musayembekezere malupanga owala aja. Nkhani yake yagona pa boma lankhanza lotchedwa Empire ndi apolisi ake achinsinsi, a ISB. Anthu amenewa savala zigoba zoopsa. Amavala majekete oyera, amakhala mozungulira tebulo, n'kumawerengerana manambala a anthu amene agwidwa m'madera awo ngati mmene alangizi amawerengera matumba a fetereza. Pakati pawo pali mayi wina wakhama kwambiri, Dedra Meero, amene sagona tulo pofuna kusangalatsa mabwana ake. Mumusunge m'mutu ameneyo, tibwereranso kwa iye.

Mwini filimu, Cassian Andor, akugwidwa tsiku lina akungoyenda m'mbali mwa nyanja. Mlandu wake palibe, anangooneka ngati wokayikitsa. Woweruza akumupatsa zaka 6 pa nkhani imene kale inali ya miyezi 6, chifukwa lamulo latsopano langotuluka kumene. Akumutumiza ku ndende ya Narkina 5 kumene akaidi amayenda opanda nsapato pa chitsulo cha magetsi, ndipo aliyense amawerenga masiku amene amutsalira pa kachikwangwani ka m'selo mwake. Kenako chinsinsi chikuululika: palibe amene amatuluka. Ukamaliza masiku ako amangokusamutsira kwina.

Nditazimitsa foni ndinatuluka panja kukataya madzi. Magetsi a ku kampu ankathwanima m'munsi mwa phiri. Ndinaima pamenepo kanthawi ndithu, mphepo ikundimenya, chifukwa ndinakumbukira kuti malo amene ndinakatengako filimuyi, pamene lero timagulapo chapati ndi zitenje, padali Narkina wathu. Ndipo ndikudziwa zambiri za ndende yopeka ya kumwamba kuposa ndende yeniyeni imene utsi wake agogo anga ankauona ali kumunda.

Dzina lenilenilo limanena zonse. Akuluakulu amati Dzaleka adachokera ku mawu oti ndidzaleka, mawu a munthu amene wamenyedwa mpaka kulapa. M'malipoti akale a Amnesty International mudzapeza atalemba Dzeleka, koma ndi malo omwewa, makilomita 40 ndi pang'ono kuchokera ku Lilongwe, panjira yopita ku boma la Dowa.

Chiyambi chake n'chachangu modabwitsa. Ufulu tidalandira pa 6 July 1964. Pofika September nduna zidali zitayambana kale ndi Kamuzu, pa nkhani ya tiki yolipira kuchipatala, kuchedwa kopatsa Amalawi maudindo m'boma, ubale ndi Apwitikizi, komanso mmene mkuluyo ankazitengera nduna zake ngati ana. Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo adachotsedwa. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere adatula pansi maudindo. Mu February 1965 Chipembere ndi anthu ake adaukira boma la Fort Johnston, lero Mangochi, n'kuuyamba wa ku Zomba, koma adakakanika pa Liwonde chifukwa pantoni yowolotsera idali tsidya lina. Zitatero boma lidayamba kusesa aliyense womuganizira kuti ndi wa zigawenga, ndipo ndende zimene zidalipo zidachepa. Chaka chomwecho Dzaleka adayamba kulandira anthu, ena a iwo ochokera kunyanja kotentha, kudzawaika pamtunda pozizira chonchi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zida zonsezi sitidazipange tokha, tidazilandira ngati chuma cha masiye. Special Branch idali ya atsamunda. Lamulo lomanga munthu popanda kumuzenga mlandu lidali la atsamunda. Pa 3 March 1959 Kamuzu yemweyo adatengedwa mbandakucha n'kukatsekeredwa ku Gwelo popanda mlandu, anzake ambiri ali ku Kanjedza, ndipo bungwe la woweruza wa ku Britain, Patrick Devlin, litafufuza lidalemba kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Anthu amene adalawa ululu wa lamuloli ndi omwe adalinola mu 1965 m'malo molitaya. Kuyambira pamenepo pankangofunika pepala losainidwa. Khoti ayi, loya ayi, tsiku lotuluka ayi.

Mukaona za masiku osatha a ku Narkina musamati n'zopeka. Machipisa Munthali adagwidwa mu 1965, adaweruzidwa, adagwira ukaidi wake mpaka kuumaliza, koma chitseko sichidatsegulidwe. Adangomusamutsa. Adatuluka mu 1992, patatha zaka 27. Werengani zaka zanu, ambiri a inu simunafike pamenepo.

Pali chinthu chimodzi chimene olemba Andor adachigwira bwino, ndipo n'chakuti nkhanza za boma ndi ntchito ya mu ofesi. Zimafuna taipi, fayilo, sitampa, ndi munthu wofuna kukwezedwa pantchito. Kwathu kuno munthu ameneyo, pakati pa zaka za m'ma 1970, adali Focus Gwede, mkulu wa Special Branch, amene ankayenda limodzi ndi Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party. Nthawi yawo anthu ophunzira adaona zakuda, makamaka ochokera kumpoto: aphunzitsi a ku Chancellor College, akuluakulu a m'boma, atolankhani. Mlakatuli Felix Mnthali adatsekeredwa mu 1976. Sam Mpasu adagwidwa mu 1975 chifukwa cha kabuku kake kopeka, Nobody's Friend, kamene ena adati kakunena za Kamuzu, ndipo adakhala ku Mikuyu zaka ziwiri osaonekera kukhoti. Buku limene adalemba atatuluka adalitcha ndi nambala yake ya ukaidi, Political Prisoner 3/75. Mulipeze, si lalitali, mukhoza kulimaliza Loweruka limodzi.

Koma pali pena pamene Andor amatinamiza, kapena ndinene kuti amatipeputsira nkhani. Wapolisi wachinsinsi wa pa kanema umamuona. Ali ndi jekete yoyera, amalankhula Chingerezi cha ku London, akalowa nyimbo imasintha. Wathu sankadziwika. Adali mnzako wa pa ntchito, wophunzira mnzako, mlamu wako, bambo uja wokhala pa mowa tsiku lonse chipanda chake osachepa. Makalata ankatsegulidwa, matelefoni ankamvetseredwa, koma khutu lalikulu la boma lidali anthu wamba. Ndiye mafilimu akale amene ndidawaonako ndili kukoleji ndi amene amafika pafupi. Mu Star Trek: Deep Space Nine muli Garak, telala wansangala amene kale adali kazitape wa gulu loopsa la Obsidian Order. Telala, abale! Aliyense amene adakulira pa tauni yaing'ono akudziwa kuti telala wa pakhonde la sitolo amamva zonse. Mu Babylon 5 muli gulu la Nightwatch, limene limapatsa anthu kansalu kovala pamkono ndi kandalama kowonjezera pa sabata, ntchito yake kungonena amene akunyoza pulezidenti. Mlonda wina, Zack Allan, akulowamo chifukwa cha kandalamako basi, alibe nkhanza mumtima, mpaka tsiku limene akuona wamalonda wina akutsekeredwa sitolo chifukwa cha pakamwa. Zack ameneyo ndimamudziwa. Tonse tili naye pachibale.

Kwathu kansalu ka pamkono kadali malaya ofiira a ayufi, aja anthu ankawatcha achiswe, ndi yunifolomu ya apayoniya. A Malawi Young Pioneers adayamba mu 1963 ngati gulu lophunzitsa achinyamata ulimi, mothandizidwa ndi alangizi a ku Israel, koma adasanduka asilikali a chipani okhala ndi mfuti ndi akazitape awoawo, ndipo wapolisi wamba sankatha kungomugwira mpayoniya popanda chilolezo cha akuluakulu ake. Pachipata cha msika, pokwerera basi, panjira ya kuchipatala, funso lidali limodzi: khadi. Amayi oyembekezera ankagulitsidwa makhadi awiri, lina la mwana wa m'mimba.

Ndinayesa kuwafunsa agogo anga aakazi za nthawi imeneyo. Tinali pakhonde tikutongola chimanga.

"Agogo, kodi anthu a m'ndende muja munkawaona?"

Anayang'ana kumsewu kaye, ngakhale kunalibe munthu. Kenako anatsitsa mawu. "Iwe, nkhani zimenezo ukufuna upite nazo kuti?"

"Ndikufuna ndilembe, agogo."

"Ulembe? Ukayenda umasiya phazi, mwana iwe, ukasiya mlomo umakutsata." Anatola chitsononkho n'kuponyera nkhuku, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kamuzu adamwalira mu 1997. Special Branch ya nthawi imeneyo kulibe. Koma mayi wa zaka zoposa 80 akuyang'anabe kumsewu asanayankhe mdzukulu wake. Kanema sangajambule zimenezo, chifukwa palibe chooneka.

Khadi lija ndi limene lidadzaza Dzaleka kachiwiri. A Mboni za Yehova ankakana kuligula, ponena kuti salowa ndale za dziko. Boma lidaletsa mpingo wawo mu October 1967. Mu 1972, msonkhano waukulu wa chipani utagamula kuti achotsedwe ntchito ndi kuthamangitsidwa m'midzi, adamenyedwa, nyumba zawo zidatenthedwa, amayi adagwiriridwa, ena adaphedwa. Zikwizikwi adathawira ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mlangeni mbali ya Mozambique. Mu 1975 Frelimo italowa m'boma idawabweza, ndipo atafika kuno ambiri adaweruzidwa mwachangu n'kutumizidwa ku Dzaleka, amuna, akazi, ena ndi makanda kumsana. Zolemba za mpingo wawo zimasimba za ntchito yakalavulagaga, kuzizira, ndi ana amene adafera momwemo ndi matenda. Mukhoza kusagwirizana ndi chiphunzitso chawo, inenso akagogoda Loweruka m'mawa nthawi zina ndimakhala chete ngati mulibe munthu. Koma anthu amenewa adauzidwa kuti anene mawu amodzi okha, ndidzaleka, agule kakhadi, apite kwawo. Ambiri sadanene. Chiletso chawo chidachotsedwa mu August 1993.

Ndipo si iwo okha amene adatengedwa mwaunyinji. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mudzi wa Moto ku Mangochi udaseseredwa m'malole, anthu mazanamazana, powaganizira kuti amagwirizana ndi anthu a Chipembere. Mudzi wathunthu.

Tsopano tibwerere kwa Dedra. Kumapeto kwa Andor mayi uja, atazunza anthu, atathandiza kukonza chiwembu chophera anthu a dziko la Ghorman, akupezeka kuti adasunga mafayilo amene sankayenera kuwaona. Mabwana ake omwe akumutembenukira. Chithunzi chake chomaliza ali m'selo yonga ya ku Narkina, wavala zaukaidi, akulira. Bwana wake Partagaz akudziwombera asanamugwire. Anzanga ena pa WhatsApp ankati olemba anawonjeza, zoterezi sizichitika. Ndinaseka. Mu 1976 Muwalo ndi Gwede adagwidwa, ati ankafuna kulanda boma. Adazengedwa mu 1977 kukhoti la mafumu, makhoti aja adapatsidwa mphamvu zoweruza milandu ikuluikulu koma osalola loya, njira yomweyo imene chipani chawo chidakonzera ena. Onse awiri adaweruzidwa kuti aphedwe. Muwalo adanyongedwa. Gwede chilango chake chidasinthidwa kukhala ukaidi wa moyo wonse, ndipo adakalowa ku Mikuyu komwe ankatumizako anzake. Adatuluka mu 1993. Chaona mnzako chapita.

Awiriwa atagwa, akaidi ambiri andale adamasulidwa mu 1977, ndipo nkhani imene anthu adauzidwa idali yoti Ngwazi sinkadziwa, oipa adali anyamata ake. Nkhani imeneyi ilipobe mpaka lero, mudzaimva pa minibasi. Ine imandivuta, chifukwa chigayo sichidazime Gwede atachoka, chidangosintha wothira chimanga. Aleke Banda adatsekeredwa mu 1980, Gwanda Chakuamba chaka chomwecho. Orton ndi Vera Chirwa adagwidwa pa 24 December 1981 cha kumalire a Zambia, ndipo Orton adafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Mu March 1983 Attati Mpakati adapezeka ataphedwa ku Harare. Mu May 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza, mitembo yawo n'kuikidwa m'galimoto kuti zioneke ngati ngozi, ndipo bungwe lofufuza la mu 1994 lidapeza kuti adaphedwa ndi apolisi. Jack Mapanje adatengedwa ku Gymkhana Club ku Zomba pa 25 September 1987, n'kutuluka mu May 1991 osauzidwa mlandu. Mtolankhani Mkwapatira Mhango adatenthedwa m'nyumba ku Lusaka mu 1989 pamodzi ndi a pabanja pake. Nthawi yonseyi Gwede adali m'selo.

Dzaleka nayenso sadapume. M'zaka za m'ma 1980 iye ndi ndende ya Nsanje adasanduka kotumizako akaidi amene ankatchedwa osamva, mbava zobwerezabwereza. Amnesty International idalemba mu 1992 kuti kumeneko anthu ankamangidwa maunyolo ali maliseche, kumenyedwa ndi kumanidwa chakudya, ndipo ambiri ankafa. Amenewa sadali aphunzitsi a ku yunivesite, panalibe wowalembera kalata kuchokera ku London, ndipo maina awo sali pa msewu uliwonse.

Pena ndimaseka ndekha ndikaganiza kuti zaka zonsezo dziko lino lidalibe wailesi ya kanema. TVM idayamba mu 1999. Nthawi imene anthu a maiko ena ankaonera apolisi achinsinsi opeka atakhala pa sofa, makolo athu adali ndi MBC imodzi yokha ndi bungwe lounika mabuku ndi mafilimu lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Filimu ankaisowa, koma ankakhala m'kati mwake.

Mathero ake sadafanane ndi a pa kanema. Ku Narkina akaidi akuukira, akuthyola zitseko, akudumphira m'nyanja. Kuno kudali kalata ya maepiskopi a Katolika yowerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, kubwera kwa Chakufwa Chihana pa 6 April n'kugwidwa pabwalo la ndege, sitalaka ya ogwira ntchito ku Blantyre mwezi wa May, maiko othandiza kuimitsa thandizo, kenako riferendamu ya pa 14 June 1993, nyali kulimbana ndi tambala wakuda. Nyali idapambana ndi mavoti pafupifupi 63 pa 100 alionse. Ndinene chilungamo ngakhale chikundichititsa manyazi pang'ono: kwathu kuno m'chigawo chapakati ambiri adavotera tambala, Dowa ali patsogolo, ndende ili pakhomo pawo. Ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa ankamukondadi mkuluyo, ndipo zifukwa adali nazo, misewu, Capital Hill, fetereza wotsika mtengo. Sindikuwaweruza. Ndikungoti zonse ziwiri zidachitika m'dziko limodzi, ndipo anzanga amene mumalemba pa Facebook kuti nthawi ya Kamuzu kudali mwambo, muzitchulanso kumene osamvera mwambowo ankapita.

Mu December 1993 asilikali adalanda zida apayoniya pa Operation Bwezani. Bakili Muluzi atapambana chisankho cha pa 17 May 1994 adalamula kuti ndende za Mikuyu, Nsanje ndi Dzaleka zitsekedwe. Kamuzu ndi John Tembo adazengedwa mlandu wa ku Mwanza ndipo khoti lidawapeza osalakwa mu December 1995. Mwezi wotsatira Kamuzu adapepesa mtundu, koma mopepesa zimene ena angakhale adachita m'dzina lake. Bungwe lopereka chipepeso, National Compensation Tribunal, lidatsekedwa patatha zaka 10 anthu ambiri asanalandire zawo. Ku Germany mafayilo a Stasi adatsegulidwa, munthu n'kupita kukawerenga amene ankamunena. Ku South Africa adakhala pansi pa bungwe la Desmond Tutu. Ife tidangoti zapita, tiyang'ane kutsogolo. A Zack athu adabwerera kumudzi, ena adakhala akuluampingo.

Chaka chomwecho cha 1994 Dzaleka adapatsidwa ntchito ina, kusunga othawa nkhondo a ku Rwanda, Burundi, Congo, Somalia ndi Ethiopia. Malo okonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000 lero muli oposa 50,000. Sindikunena kuti kampu ndi ndende ya Kamuzu, ayi. Muli masukulu, matchalitchi, ma saluni, achinyamata olemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo kuyambira 2014 chikondwerero cha Tumaini, chimene adayambitsa mlakatuli Menes La Plume, chimakoka anthu kuchokera ku Lilongwe kudzavina pamalo pamene kale anthu ankaopa ngakhale kuloza ndi chala. Koma lamulo lathu limati othawa kwawo azikhala m'kampu, ndipo kutuluka kupita kutali kumafuna chilolezo. Mu 2023 boma lidapereka tsiku la 15 April kuti onse okhala m'matauni abwerere. Kuyambira pa 17 May apolisi ndi asilikali adayamba kuwatola m'maokala ndi m'nyumba ku Lilongwe, ena ndi ana awo, kuwagoneka ku ndende ya Maula, kenako malole kulowera njira ya ku Dowa. Ambiri a ife tidaombera m'manja, ati amatilanda mabizinesi. Ndipo amene ankaloza kuti m'nyumba umo muli Mburundi sadali ovala jekete yoyera.

Lachiwiri lapitali ndinapitanso kumsika kukabweza memory khadi. Mnyamata uja anabadwira m'kampu momwemo, Chichewa chake n'chothyakuka kuposa changa, ndipo Congo sanaiponde. Anandifunsa ngati ndamaliza.

"Ndamaliza, aise. Iwe unaikonda pati?"

"Pa ndende paja," anatero akupukuta foni ya kasitomala wina. "Pamene mdala uja wawatsogolera anzake mpaka pakhomo, kenako akuti satha kusambira."

Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti pamene takhalapa padali chiyani kale. Anati anamvako kuti padali ndende, koma ya ndani sakudziwa. Ndinayamba kumufotokozera za 1965, koma kunabwera mayi wina wofuna nyimbo za kwaya, mzere n'kuyamba kutalika. Ndinamufunsa ngati ali ndi Babylon 5. Anafufuza mu laputopu yake, anapukusa mutu, n'kuti ndidzayesenso Lachiwiri likubwerali.